Anasi Sankayang'ana Mkamwini

Mukafika pamsika wa Kamwendo n'kufunsa za Anasi wa tomato, aliyense wamkulu ayamba wakuuzani za maso ake. Ine ndine Luwiza. Ndinakhala naye benchi imodzi kuyambira tili ndi ana kumsana mpaka imvi zitatimera, ndiye zimene ndikunenazi si za m'maluwa ayi. Mayi ameneyu ankagulitsa ndi maso, ankakalipa ndi maso, ngakhale miseche ankaidya ndi maso. Kukabwera kasitomala wa mtundu uja wofinya tomato aliyense koma osagula, Anasi sankadzivuta n'kutsegula pakamwa. Ankangomuyang'ana kuchokera kunsapato mpaka kumutu, munthu uja n'kupisa yekha m'thumba. Ine ndikafuna kudziwa ngati wodutsayo ndi uja analanda mwamuna wa mwini, ndinkangocheuka, iye n'kukweza nsidze, nkhani n'kuthera pomwepo.

Musandimve molakwa, pakamwa napo panali polongosoka. Anabadwira ku Mlonyeni, sukulu analekezera Sitandade faifi, koma buku la nyimbo ankaliwerenga mothamanga kuposa aphunzitsi a Sande sukulu. Ali mtsikana ankadutsa pa Mwami kukaoda zitenje ku Chipata, ndipo anabwerako ndi Chinyanja cha kumeneko chimene ankachisungira tsiku lokangana ndi anyamata a kabaza. Atatopa ndi maulendo anakhazikika pa tomato ndi anyezi. Sanalemere, komanso sanagonepo ndi njala.

Mwamuna wake anali a Eneya a ku Dambe, okhoma zidebe, amene anabwera chikamwini kwao kwa Anasi n'kukalambira komweko. Anali munthu woti mukhoza kukhala naye tsiku lonse n'kumva mawu atatu, awiri mwa iwo ali moni. Anthu ankawamvera chisoni kuti akhala bwanji ndi mkazi wolongolola chotere, iwo n'kungoti, "Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima," n'kupitiriza kukhoma. Ana anabereka anayi. Atatu anawaika m'manda ali aang'ono, kunatsala Ivy yekha.

Maso a a Eneya atayamba kuchita chifunga, a chipatala anati mitsempha yafa, palibe chochita. Ndodo anaikana, anati sali wopemphetsa. Kuwagwira dzanja panjira anakananso, anati anthu aseka. Ndiye Anasi anapeza nzeru yake. Popita kutchalitchi ankatsogola iyeyo akulalata njira yonse, za mbuzi za eni zimene zadya chinangwa, za feteleza, za malaya a a Eneya amene avalanso mopotoka, ndipo bambo aja ankangotsata mawuwo osapunthwa n'kamodzi komwe. Alendo ankati banja ili latha. Ife tinkadziwa kuti tsiku limene mayiyo adzakhale chete, bambo awa adzagwera m'ngalande.

Nchifukwa chake Anasi sankagona kunja kwa mudzi. Ivy atakwatiwa ku Lilongwe ankawaitana makolo ake kuti akapumeko. A Eneya ankati pakhomo pawo akudziwa pamene pali mtondo ndi pamene pali chitsa, kutauni akakhala ngati katundu. Anasi akapita, ankakwera minibasi yam'mawa n'kubwerera yamadzulo. Anandiuzapo akusankha tomato woola, osati monyadira koma ngati akunena mtengo wa mchere, kuti, "Luwiza, ine pakhomo paja ndidzachokapo ndili m'bokosi. Ndikachoka wamoyo, nkhalamba ija sichedwa." Anandiuza ine. Kwa mwana wake sananene, poti nkhani zotere sitiuza ana.

Tsopano za mkamwini. Laston ndi mwana wabwino, ndipo ndikufuna zimenezi zimveke msanga chifukwa zimene zikubwerazi zingakupangitseni kumuda. Amagwira ntchito ya makompyuta, makolo ake ndi aphunzitsi, anakulira m'nyumba za sukulu kumene apongozi ndi mkamwini amadyera tebulo limodzi. Anasi anali wa chilangizo chakale. Mkamwini sumuyang'ana kumaso, sudya iye akuona, mukakumana panjira umapatukira kutchire n'kupereka moni utayang'ana kumbali. Mayi amene ankagwetsa mphwayi amuna a pamsika ndi diso limodzi, akangomva kuti "Odi" wa Laston, maso ankawaponya kukhoma ngati namwali wotuluka kumene m'tsimba. Ndinkamuseka. "Anasi, mwanayo ukhoza kudutsana naye pa depoti osamudziwa." Iye ankati, "Nsapato zake ndimazidziwa."

Laston zinkamuwawa. Chaka china anabwera ndi nsalu ndi tambala, n'kutuma a Eneya kuti akawauze amayi kuti amasuke, iye ndi mwana wawo. Anasi anathokoza kwambiri, nsalu anavala, tambala tinadya, maso anawasiya kukhoma komwe kuja. Sikunali kudana. Kwa iye ulemu waukulu umene akanapatsa mwamuna wosunga bwino mwana wake unali umenewo, ndipo analibe wina woposa apo.

Tsoka silinunkha. Tsiku lina la msika anawerama kuti anyamule beseni, n'kungokhala pansi pang'onopang'ono ngati thumba lopanda kanthu. Kuchipatala cha pa boma anati ndi sitiroko. Anakhalako masabata angapo, n'kubwerera kumudzi thupi lonse lili zii. Manja osagwira, miyendo osagwira, pakamwa popotoka pongomeza phala basi. Nsidze zija zinasiya kukwera. Chinatsala n'kuyendayenda kwa maso kokha.

Ndalirapo maliro ambiri, koma zimene ndinkaona m'nyumba muja zinkandipweteka kuposa maliro. Mkazi wotsala ndi maso okha, mwamuna wopanda maso. A Eneya ankakhala pamphepete pa mphasa atagwira mkono wa mkazi wawo, ndipo mawu onse amene anasunga moyo wawo wonse anayamba kutuluka. Ankamuuza za mbuzi, za mphepo, za amene wadutsa panjira. Kenako ankafunsa aliyense amene ali pafupi, "Akundiyang'ana?" Ine ndinkati inde, chifukwa ankawayang'anadi. Koma nkhope ikafa, maso okha ndi ovuta kuwawerenga. Tsiku lina ndinkalumbira kuti mnzanga akumva zonse, tsiku lina ndinkabwerera kwathu ndikukayika.

Ivy anati amayi apite ku Lilongwe. Anali ndi zifukwa zomveka: zilonda zinayamba kumsana, wowatembenuza panalibe, chipatala chili kutali. A Eneya anakana kupita, anakananso kuti mkazi wawo apite. Sanakweze mawu, anangoti, "Mwana wanga, ndisiyire mayi akowa. Pano ndi pawo." Ine ndinanena zimene Anasi anandiuza pamsika. Ivy anandiyankha akulira, "Anti Luwiza, ananena ali bwino. Pano sakudziwa n'komwe pamene ali. Mukufuna awolere pamphasa?"

Amene anaweruza mwachilungamo anali Laston. Anati tiwafunse eni ake. Kuntchito kwawo ankayesa makina othandiza odwala amene sangathe kuyankhula: tabuleti yokhala ndi kakamera kamene kamatsata maso a munthu. Kadontho kamayenda pagalasi, wodwala akakatsata makinawo amadziwa kuti munthuyu akutchera khutu, m'mphepete mwa galasi n'kuyaka mobiriwira. Kenako pamabwera timabokosi tiwiri, INDE ndi AYI, ndipo kamene wakayang'anitsitsa ndiko yankho lake. Laston analonjeza pamaso pa tonse kuti amayi akati atsala, atsala, ndipo iye apeza mzimayi wowasamalira kumudzi konkuno. A Eneya anamugwira dzanja ndi manja awiri. Ine mtima unakhala pansi, poti kuwerenga Anasi ankadziwa, ndipo pa nkhani ya maso panalibe womuposa m'boma lonse la Mchinji.

Anabwera nawo Loweruka lotsatira. Tinamukhazika Anasi motsamira mapilo. Laston anagwada kutsogolo kwake atanyamula tabuleti pachifuwa n'kunena mofatsa, "Amayi, tayang'anani kuno. Tsatani kadonthoka." Maso a mnzanga anatsetsereka n'kukaima pakhoma. M'mphepete mwa galasi munakhala motuwa. Anayesanso, chimodzimodzi.

Ndinaseka, ndipo kanali koyamba kuseka m'nyumba imeneyo chichitikire ngoziyo. "Bambo, inu mukuti akuyang'aneni kuyambira liti? Akuchita nanu manyazi. Tulukani, mupatseni mkazi wanuyo."

Laston anadzimenya pamphumi, nayenso n'kuseka. Anamuonetsa Ivy pobanikiza, n'kunena kuti makinawo safuna nkhope zambiri m'chipinda chifukwa amasokonezeka, ndiye tonse tinatuluka. Ivy anatseka chitseko. Tinakakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nkhokwe, a Eneya akusisita mawondo awo. Anandinong'oneza kuti, "Nangozo anena. Ameneyo sanasowepo chonena." Nangozo ndilo dzina la mfunda limene ankamuitanira mkazi wawo.

Ivy anatenga nthawi. Potuluka, maso anali ofiira. Anapatsa mwamuna wake tabuleti ija, iye n'kuyang'ana zimene makina analemba. Sanabise. Anati amayi sanatsate kadontho ngakhale pang'ono, maso anali kukhoma nthawi yonse, ndipo makina akuonetsa kuti palibe chimene chikuwafika. Ine ndinatsutsa, ndinati yesaninso mawa. Anayesadi m'mawa mwake ndisanafike, zotsatira n'kukhala zomwezo. Ndikanatsutsa ndi chiyani? Mkamwini anali panja, chitseko chinali chotseka, ndipo mzimayi amene ndinkamudziwa ine sakanalephera kuyang'ana mwana wake.

Anasi anamunyamula pa matiresi n'kumugoneka kumbuyo kwa galimoto, ulendo wa ku Lilongwe. A Eneya anayenda okha mpaka pagalimotopo akupapasa, n'kupeza phazi la mkazi wawo, n'kuligwira. Galimoto itanyamuka anaima pomwepo mpaka phokoso litazimiririka, kenako anafunsa kuti nyumba ili mbali iti. Pabwalo pawo pomwe, pamene ankadziwa chitsa chilichonse.

Mwana wa mng'ono wake wa Anasi ankawaphikira, koma mbale zinkabwerera momwe zapitira. Kutchalitchi anasiya. Ndikapita kukawaona ndinkayesa kulalata ngati mnzanga, iwo n'kumwetulira mwaulemu n'kunena kuti, "Mwayesetsa, a Luwiza." Anamwalira mvula yoyamba isanagwe. Matenda enieni sanapezeke, ndipo ine sindinawafunefune. Ivy ndi Laston anabwera kumaliro, Anasi anatsala ku Lilongwe ndi mtsikana wantchito.

Titasesa, ndinati ndipite ndikamuone mnzanga. Kaya akumva kaya sakumva, mkazi woferedwa amapepesedwa. Ndinakwera minibasi pa Kamwendo ndi kathumba ka mtedza. Ndinapeza Laston ali kuntchito. Anasi anali m'chipinda choyera bwino, pabedi la chitsulo, zilonda zitapola, tsitsi lopesedwa. Pa chisamaliro sindingawanene ana aja. Koma anali atachepa ngati mwana, ndipo maso anali kudenga.

Ndinakhala pambali pake n'kuyamba, "Pepa, mnzanga." Ivy anandigwira paphewa. Anati za imfa ya bambo sanawauze. Ndinafunsa kuti uthenga unamupeza ali kuti. Anati muno momwe, akuwamwetsa phala. Analirira muno, za bokosi anakambirana ndi Laston muno, poti usiku ndi usana amakhala muno. Koma kuwauza mwachindunji anaona kuti n'kungodzivutitsa.

"Makina aja mukadali nawo?" ndinafunsa.

"Alipo, Anti. Timayesa mwezi ndi mwezi. Palibe chimasintha." Anawatulutsa mu kabati, osati ndi chikhulupiriro koma kuti andikhutiritse ine nkhalamba yamakani. Anaimika tabuleti kutsogolo kwa amayi ake n'kubanikiza.

"Amayi, tayang'anani kuno. Tsatani kadonthoka."

Ndinadzidzimuka, n'kukokera chitenje kumaondo, n'kutembenukira kukhomo. "Zikomo bambo, mwaswera bwanji? Iwe Ivy, si unati a Laston ali kuntchito?"

Pakhomo panalibe munthu. Ivy anati, "Ayi Anti, ndi makinawa. Anabwera akuyankhula Chingerezi, ndiye a Laston anajambula mawu awo m'Chichewa kuti amayi azimva bwi..."

Sanamalize. Anandiyang'ana ine ndi chitenje changa chokokedwa, anayang'ana amayi ake. Maso a Anasi anali atachoka kudenga n'kukaima kukhoma. Ndinaona nkhope ya mwanayo ikusintha, ndipo sindifuna kudzaonanso nkhope yotero. Mnyamata uja anakhala pansi n'kujambula mawu onse ndi pakamwa pake chifukwa chokonda apongozi ake. Ivy anazolowera mawu a mwamuna wake moti kwa iye sanali kanthu. Koma mayi wogona chagada, wosatha kutembenuza khosi, akamva mkamwini akuyankhula pafupi chonchi angadziwe bwanji kuti munthuyo mulibe? Miyezi yonseyi, nthawi iliyonse imene ankafunsidwa, mnzanga ankapereka ulemu.

Ivy anazimitsa mawu aja. Anati, "Amayi, ndine Ivy. A Laston kulibe, apita kuntchito. Muno tilimo ine ndi Anti Luwiza basi."

Maso aja anakhala kukhoma kanthawi, ngati akumvetsera kaye. Kenako anabwerera. Anapeza kadontho, n'kukatsata kumanja, kumanzere, m'mwamba, m'munsi, mosaphonya, ngati akutsata kasitomala amene wanyamuka osalipira. M'mphepete mwa galasi munayaka mobiriwira. Timabokosi tija tinatulukira.

"Amayi, mukundimva?"

INDE anayaka.

Ivy anagwira pakamwa. Ine ndinafuna kulumpha, kululuta, kuitana anthu a nyumba zoyandikana. Chimwemwe chimenecho sichinakhalitse, chifukwa tonse awiri tinakumbukira nthawi imodzi zimene zinayankhulidwa m'chipinda chimenecho.

"Mwakhala mukumva nthawi yonseyi? Kuyambira kumudzi?"

INDE.

"Za bambo... munamva?"

INDE. Sanachedwe n'komwe.

Mwana uja anagwa m'maondo n'kuika mutu pabedi. Ine ndinanyamula tabuleti ija, ngakhale sindinagwirepo chinthu chotero, kuti isagwe. Ndinkaganiza za tsiku la uthenga: mwamuna wako wafa, ukumva mwana wako akulira, akukambirana za matabwa a bokosi pamutu pako, akutseka zikwama, galimoto ikulira panja, ndipo iwe watsala ndi mtsikana wantchito, wopanda ngakhale wokuuza kuti pepa. Ndinakwiya, koma wokwiyira panalibe. Aliyense m'nkhaniyi anachita zimene ankaona kuti n'zabwino.

Ivy anadzutsa mutu. Funso lotsatira sakanayenera kufunsa, poti madzi akatayika saoleka, koma ndikanakhala ine ndikanafunsanso.

"Tsiku lija tinabwera ndi makinawa kumudzi, mumafuna kutsala ndi bambo?"

INDE. Misozi inatsika mbali imodzi ya nkhope, mbali imene inali ndi moyo pang'ono, n'kulowa m'khutu. Ndinaipukuta ndi nsonga ya chitenje.

"Ndikhululukireni, amayi. Ndikhululukireni." Ivy anayamba kuyankhula mothamanga, ngati munthu amene wapeza pogwira. "Tikonza. A Laston akangofika tinyamuka, ngakhale lero lomwe. Nyumba ilipo, tinangoitseka. Tipeza munthu wokusamalirani, ine ndizibwera Loweruka lililonse. Anti Luwiza ali pafupi. Mukaona pamene tinawaika bambo. Tikubwezeni kumudzi, amayi?"

Ine ndinali nditayamba kale kuganiza zokasesa m'nyumba muja ndi kuchotsa akangaude. Anasi anayang'ana mwana wake, anandiyang'ana ine nthawi yaitali, kenako anabwerera pagalasi.

AYI.

Ivy anati mwina makina alakwitsa. Anafunsanso pang'onopang'ono, akutchula Mlonyeni, akutchula nyumba yawo. Mnzanga anayang'ana AYI, ndipo sanachotsepo maso mpaka galasi linazima lokha.